PHUNZIRO: Kodi Wantchito Apumule pa Masiku Oyera?

Pali funso limene limasautsa mitima ya abale athu ambiri ogwira ntchito ya malipiro. Tsiku loyera likagwa pakati pa mlungu, kapena bwana akalamula kuti ntchito igwiridwe Lamulungu, kodi Mkristu amvere yani? Wothyola tiyi ku Thyolo, mlonda wa ku Limbe, namwino wa m'chipatala ndi mtsikana wolera ana m'nyumba ya eni, onsewo afunsa chimodzimodzi. Nkhaniyi ndi yolemera, pakuti ikhudza mzimu wa munthu ndiponso nsima ya ana ake.

I. Chimene Mulungu alamula

Lamulo lachitatu litiuza kuti tiyeretse tsiku la Mulungu. Tikawerenga bwino m'buku la Deuteronomo, mutu 5, tiona kuti lamulolo lilankhula poyamba kwa mwini banja, amene ali ndi anthu pansi pake. Iyeyo auzidwa kuti apumitse ana ake, antchito ake, mlendo wokhala kwao, ngakhale ng'ombe ndi bulu. Ndipo chifukwa chake chatchulidwa, ndicho kuti Aisraele nawonso anali akapolo ku Ejipito. Kotero mpumulo wa wantchito ndi mangawa amene wolemba ntchito ali nawo pamaso pa Mulungu.

Ife Akristu tisunga Lamulungu popeza ndilo tsiku limene Ambuye Yesu anauka kwa akufa. Makolo athu m'chikhulupiriro sanaliyese tsiku wamba. M'chaka cha 304, pa nthawi ya mfumu Diocletian, Akristu 49 a ku Abitina, m'dziko limene lero litchedwa Tunisia, anagwidwa naphedwa chifukwa chosonkhana ku Ukaristia Lamulungu. M'chaka cha 321 mfumu Constantine inalamula kuti mabwalo a milandu ndi ntchito za m'mizinda ziime tsikuli, koma inalola alimi kupita kuminda, podziwa kuti mvula siyembekeza munthu.

II. Chimene Eklezia aphunzitsa

Malamulo a Eklezia a chaka cha 1983 atchula Lamulungu ndi masiku ena khumi olamulidwa: Kubadwa kwa Ambuye, Epifania, Kukwera Kumwamba, Thupi ndi Magazi a Ambuye, Maria Amayi a Mulungu, Maria Wopanda Tchimo Lachibadwa, Maria Wotengedwa Kumwamba, Yosefe Woyera, Petro ndi Paulo Oyera, ndi Oyera Onse. Pa masiku otere Mkristu ali ndi udindo pawiri: kupita ku Misa, ndi kuleka ntchito zimene zitsekereza kupembedza, chimwemwe cha tsikulo ndi mpumulo wa thupi ndi mtima.

Koma Eklezia ndi mayi wodziwa mavuto a ana ake. Aepiskopi a dziko lililonse, Papa atavomereza, angathe kuchotsa ena mwa masikuwa kapena kuwasunthira ku Lamulungu, ndipo m'maiko ambiri atero. Chifukwa chake mverani zimene Ambuye Episkopi alengeza chaka ndi chaka, osasenzetsa anthu katundu amene Eklezia sanawasenzetse. Ndiponso Misa ya madzulo a tsiku lotsogolera ikwaniritsa lamulo. Ndipo Bambo Mfumu ali ndi mphamvu yomasula munthu wa m'parishi mwake pa chifukwa choyenera, kapena kumpatsa ntchito ina ya chipembedzo m'malo mwake.

Apapa sanakhale chete pa za antchito. Papa Leo XIII, m'kalata yake Rerum Novarum ya chaka cha 1891, anaphunzitsa kuti wolemba ntchito ayenera kupatsa wantchito nthawi ya zauzimu, ndi kuti palibe pangano la ntchito lingafafanize mpumulo umenewu. Papa John Paul II, amene anadzayendera Malawi m'chaka cha 1989, anabwereza zomwezo m'kalata ya Laborem Exercens ya 1981, nawerengera mpumulo wa Lamulungu pakati pa maufulu a wantchito.

III. Chimene Boma linakhazikitsa

Malamulo aakulu a dziko lino a chaka cha 1994 apatsa munthu aliyense ufulu wa chipembedzo. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 liletsa kusankhula wantchito chifukwa cha chipembedzo chake. Litinso munthu asagwire masiku opitirira 6 motsatizana popanda mpumulo wa maola 24. Wogwira ntchito pa tchuthi cha Boma alipidwe kawiri. Ndipo pa chaka alandire tchuthi cha masiku 18 ngati agwira masiku 6 pa mlungu, kapena 15 ngati agwira masiku 5.

Pa tchuthi cha Boma pali Khrisimasi, Lachisanu Loyera, Lolemba la Pasaka, tsiku loyamba la chaka, ndi Eid al-Fitr ya abale athu Asilamu. Koma 15 August, tsiku la Maria Wotengedwa Kumwamba, ndi 1 November, tsiku la Oyera Onse, palibepo. Pa masiku ameneŵa Mkristu sangangokhala kunyumba nati lamulo limteteza, ayenera kupempha.

IV. Yankho lake

Kodi tsono nkoyenera kuti wantchito apatsidwe mpumulo pa masiku oyera? Inde, nkoyenera, pakuti bwana agula mphamvu za munthu kwa maola oŵerengeka, koma mwini wa munthuyo ndi Mulungu. Komabe ufuluwo uli ndi malire. Ambuye mwini anachiritsa odwala pa Sabata, nakumbutsa Afarisi kuti iwonso ankavuula chiŵeto chogwera m'chitsime tsiku lomwelo. Namwino wosiya wodwala kuti akaimbe m'kwaya sanalemekeze Mulungu. Chimodzimodzi wapolisi, mlonda ndi wosamala madzi kapena magetsi: ntchito yawo ndi chikondi kwa anzawo, ndipo sachimwa pogwira. Sachimwanso mmphaŵi amene angachotsedwe ntchito akajomba.

Wantchito achite zitatu. Apemphe msanga ndi mwaulemu, osati m'maŵa wa tsiku lomwelo. Akhale wokonzeka kusinthana ndi mnzake, kubweza maolawo, kapena kutengako tsiku pa tchuthi chake cha pachaka. Akaloledwa, apitedi ku tchalitchi. Pakuti wopempha tsiku la Misa nakathera ku moŵa aba nthawi ya bwana, anyoza dzina la Eklezia, ndipo atsekera khomo Akristu anzake odzapempha maŵa.

Olemba ntchito nawo adziyese. Tisathamangire kuloza chala eni minda ya tiyi ndi masitolo aakulu, pakuti ambiri a ife tili ndi wantchito mmodzi kapena aŵiri. Ndi mabanja angati achikatolika amene avala bwino napita ku Misa, atasiya mtsikana akuchapa ndi kuphika, Lamulungu lililonse chaka chonse? Ndi angati atuma aganyu kumunda iwo ali ku guwa? Misa ya bwana siloŵa m'malo mwa Misa ya wantchito.

Potsiriza, chimene tidzipemphera tokha tipatsenso ena. Msonkhano wa Vatican II unaphunzitsa m'chaka cha 1965 kuti munthu asakakamizidwe kuchita zotsutsana ndi chikumbumtima chake pa za chipembedzo. Kapitao wachikatolika amene akaniza Msilamu ola la mapemphero Lachisanu, kapena kuumiriza wa mpingo wa Seventh-day Adventist kugwira Loŵeruka pamene kusinthana kunali kotheka, ataya yekha maziko a pempho lake.

Kwa akatekisti

Phunzitsani izi m'miphakati ndi kwa akatekumeni, ndipo mukambirane nawo mafunso awa:

1. Lamulo lachitatu lifuna chiyani kwa munthu wokhala ndi antchito?
2. Ndani amasulidwa ku Misa, ndipo angachite chiyani kuti ayeretsebe tsikulo?
3. M'mphakati mwathu alipo ndani amene sanalandire Ukaristia kwa miyezi chifukwa cha ntchito, ndipo ndani mwa ife akalankhule ndi bwana wake?

Mukapeza otere, musawadzudzule pa gulu. Lembani maina awo, muwapereke kwa Bambo Mfumu.