Masiku Amene Thiraki Siyenda ku Germany: Zoyenera Kudziwa Dalaivala Wachilendo

Popeza masiku ano madalaivala a kuno kumwera kwa Africa, amene anazolowera kunyamula katundu ku Durban kapena ku Beira osafunsa kuti kunja kwacha tsiku lanji, ayamba kulembedwa ntchito ndi makampani a mathiraki a ku Ulaya, nkoyenera kuti adziwiretu lamulo limene lingawadabwitse m'dziko la Germany, dziko limene misewu yambiri ya amalonda imadutsamo. Pakuti akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ndime 30 ya malamulo a pamsewu a dzikolo, otchedwa StVO, imanena kuti tsiku Lamulungu ndi pa masiku a tchuthi cha boma, kuyambira pakati pa usiku kufikira 10 koloko usiku wotsatira, thiraki yonyamula katundu wamalonda imene kulemera kwake kololedwa kukuposa matani 7.5 isayende pa msewu uliwonse. Lole yokoka ngolo nayonso ndi yoletsedwa, ingakhale yaing'ono chotani. Muyeso wake ndi kulemera kolembedwa m'mapepala a galimoto, kotero kuti thiraki yopanda kanthu siipulumuka chifukwa cha kupepuka kwake. Lamuloli linayamba mu 1956, ndipo cholinga chake nchakuti anthu apumule pa Sabata popanda phokoso, ndi kuti mabanja oyenda pa galimoto zazing'ono asapanikizane ndi zimphona za pamsewu.

M'nyengo yotentha, sukulu zikatsekera, chiletso chimawonjezeka. Kuyambira pa 1 Julaye kufikira pa 31 Ogasiti, Loweruka lililonse kuyambira 7 koloko m'mawa kufikira 8 koloko usiku, mathiraki omwewa saloledwa pa zigawo zina za misewu ikuluikulu ya Autobahn ndi misewu ina yowerengeka. Mndandanda wa misewuyi umasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho musadalire wa chaka chatha.

Koma pamene pamagwera alendo ambiri ndi pa masiku a tchuthi, chifukwa Germany ili ndi zigawo 16, ndipo zigawozi sizisunga masiku ofanana. Chaka Chatsopano, Lachisanu Loyera, Lolemba la Pasaka, pa 1 Meyi, tsiku la Kukwera Kumwamba, Lolemba la Pentekoste, pa 3 Okutobala ndi masiku awiri a Khirisimasi amasungidwa m'dziko lonse. Pomwe pa 31 Okutobala, tsiku lokumbukira kukonzanso Mpingo, ndi la zigawo za Chiprotestanti monga Saxony ndi Thuringia, ndipo pa 1 Novembala, tsiku la Oyera Onse, ndi la zigawo za Chikatolika monga Bavaria. Taganizani za munthu amene wapakira katundu ku Leipzig wopita naye ku Munich. Pa 31 Okutobala akhala chiimire kufikira 10 koloko usiku. Akaliza injini ndi kulowa mu msewu wa A9, ali ndi maola awiri okha, ndipo pamene azifika m'malire a Bavaria pafupi ndi Hof, tsiku la Oyera Onse lidzakhala likuyamba, nayenso nkuimanso kufikira 10 koloko usiku winawo. Wokonza ulendo wanzeru akadaziona zimenezi pa kalendala. Wopanda nzeru amaimbira dalaivala foni pakati pa usiku namuuza kuti angopitirira.

Alipo katundu amene lamulo limamulola kuyenda: mkaka, nyama ndi nsomba zaziwisi, zipatso ndi ndiwo zamasamba zosachedwa kuwonongeka, pamodzi ndi ulendo wopanda katundu wokhudzana ndi zimenezi. Amaloledwanso katundu wochokera kapena wopita ku sitima ya pamtunda mkati mwa makilomita 200, ndi wa ku doko mkati mwa makilomita 150. Wina aliyense wofuna kuyenda pa tsiku loletsedwa ayenera kukhala ndi chilolezo chapadera cholembedwa, chimene kampani, osati dalaivala, imapempha ku ofesi yoona za pamsewu. Bwana akanena kuti chilolezo chilipo, mupempheni mwaulemu kuti akupatseni pepalalo musananyamuke, pakuti wapolisi sawerenga mawu a pa foni.

Wogwidwa akuyendetsa pa Lamulungu kapena pa tchuthi amalipira chindapusa cha mayuro 120, koma mwini galimoto amene walamula kapena kulola ulendowo amalipira mayuro 570, ndipo boma lili ndi mphamvu yolanda ngakhale ndalama zimene kampani yapeza pa ulendo wosaloledwawo. M'kuona kwanga, kusiyana kwa ziwerengerozi kukusonyeza poyera amene opanga lamulo ankamuyesa gwero la mlandu. Ndipo dalaivala wokana kuyenda pa tsiku loletsedwa sanachite mwano, wangomvera lamulo limene limamanganso bwana wakeyo.

Amene anafikapo pa malo oimikapo mathiraki usiku wa Loweruka amadziwa mmene kumakhalira: magalimoto ali ndondondo mpaka polowera, makatani otseka, wina akuphika pa kachitofu ka gasi pambali pa tayala, wina wayanika malaya pa galasi. Malo amatha msanga, choncho yambani kufunafuna poima dzuwa lisanalowe. Dziwaninso kuti maola 22 a chiletso sakwanira okha kukhala mpumulo wa pa sabata. Lamulo la European Union la nambala 561/2006 limafuna maola 45, kapena maola osachepera 24 ngati mpumulo wafupikitsidwa, ndipo otsalawo ayenera kubwezedwa sabata lachitatu lisanathe. Mpumulo wa maola 45 suloledwa kuchitikira m'thiraki. Kampani ndiyo iyenera kulipira malo ogona oyenera, yosadula ndalamazo pa malipiro anu.

Mukawoloka malire, maola amasintha. Ku Austria chiletso chimayamba Loweruka 3 koloko masana. Ku France chimayamba Loweruka 10 koloko usiku. Ku Switzerland chimagwira galimoto zoposa matani 3.5, ndipo kumeneko usiku uliwonse kuyambira 10 koloko kufikira 5 koloko m'mawa galimoto zoterezi siziloledwa kuyenda. Ku Netherlands ndi ku Belgium kulibe chiletso cha Lamulungu chotere.

Tsono ngati apolisi kapena oyang'anira mathiraki a bungwe la boma la BALM akuimitsani, perekani dzina lanu ndi mapepala onse, koma simukakamizidwa kuyankhapo pa mlanduwo pomwepo, ndiponso musasaine chikalata chimene simukuchimva. Munthu wopanda malo okhazikika m'dzikolo angauzidwe kupereka ndalama ya chikole. Landirani lisiti ndipo mulisunge, pamodzi ndi mauthenga onse a pa foni amene bwana anakulamulani nawo kuyenda. Kalata ya chindapusa, yotchedwa Bußgeldbescheid, ikakufikani, muli ndi masabata awiri okha oti muitsutse polembera m'Chijeremani ofesi imene yaitumiza. Nthawiyo ikadutsa, chigamulo chimakhazikika. Wosadziwa chinenerocho angapite kwa alangizi a Faire Mobilität, amene ali pansi pa mgwirizano wa mabungwe a antchito wa DGB, ndipo amathandiza madalaivala achilendo kwaulere pa nkhani za malipiro ndi ufulu wa pa ntchito.