Ulendo wa tsiku limodzi wokaona maluwa a tulip ku Holland, Michigan

Amalawi ambiri okhala ku South Bend ndi madera ozungulira amatha zaka akungomva kuti chakumpoto kuli tauni yaing'ono imene mu Meyi imangoti mbuu ndi maluwa, koma osapondako. Ena amayesa kuti ulendowu umafuna hotela ndi chikwama chonenepa. Ayi ndithu. Holland ili pamtunda wa ola limodzi ndi theka pagalimoto. Mumatenga msewu wa US-31 mpaka cha ku Benton Harbor, kenako I-196 molunjika kumpoto. Mutha kunyamuka m'mawa n'kudzagona pakhomo panu.

Tauniyi anaikhazikitsa mu 1847 anthu ochokera ku Netherlands, motsogozedwa ndi m'busa Albertus van Raalte. Chikondwerero chake, Tulip Time, chinayamba mu 1929. Mwini nzeruyo anali Lida Rogers, mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo pasukulu ya sekondale ya m'tauniyo, amene anapempha kuti mzinda ubzale maluwa a kwawo kwa makolo awo. Chimachitika kumayambiriro kwa Meyi ndipo chimatenga masiku opitirira sabata.

Choyamba n'kusankha tsiku, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Duwa la tulip silidziwa kalendala, limamvera nyengo. Kukafunda msanga limamasula msanga, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri limayoyoka. Mu 2012 mwezi wa Malichi unatentha kwambiri, moti pofika tsiku la chikondwerero maluwa ochuluka anali atathothoka kale, anthu n'kumangoona timitengo tobiriwira. Choncho kuyambira pakati pa Epulo muziona pa intaneti zimene okonza chikondwerero akulengeza za mmene maluwa alili. Akati amasula, musadikire tsiku lomaliza. Ngati kuntchito angakulolereni, pitani mkati mwa sabata. Loweruka kumakhala piringupiringu, ndipo theka la tsiku limathera pamzere ndi posaka poimika galimoto.

Madzulo a tsiku loti mawa ndi ulendo, konzani kamba. Chakudya cha m'matenti a pamsewu chilipo, koma munthu mmodzi samalephera madola 12 kapena 15, ndipo banja la anthu asanu mwaona kale mmene zingakhalire. Kazingani nkhuku, phikani mpunga, ikani mandasi m'chidebe ndi tiyi mu fulasiki. Longedzaninso majekete ndi zipewa za ana ngakhale kwanu kukuoneka kofunda. Holland ili pafupi ndi nyanja ya Michigan, ndipo mphepo yochokera kunyanjako m'mawa imalowa m'mafupa. Nsapato zikhale zosalala pansi. Ndikudziwa kuti amayi amafuna kutchena chifukwa cha zithunzi, ndipo n'zoyenera, chitenje chowala pakati pa maluwa ofiira chimakongola zedi. Koma nsapato zagogoda zinyamuleni m'chikwama, muzivale pojambulitsa pokha, chifukwa mudzayenda wapansi maola angapo.

Nyamukani 7 koloko kuti mukafike isanakwane 9. Abale ochokera ku Chicago akumbukire kuti nthawi ya ku Michigan ili patsogolo ndi ola limodzi. Pa mafuta opita ndi kubwerera patulani madola 25 kapena 30, ndipo pa malo oimika galimoto 10 mpaka 20. Mukapeza malo, isiyeni galimotoyo pomwepo. Kuichotsa masana n'kudzivutitsa.

Yambirani ku Windmill Island Gardens kukadali m'mawa, mzere usanatalike. Awa ndi malo olipira. Ana amalipira mochepera. Kumeneko kuli De Zwaan, chigayo choyendera mphepo chimene anachibweretsa kuchokera ku Netherlands mu 1964, ndipo mpaka pano chimagaya tirigu. Kwerani nawo ana mkatimo aone miyala yopera ndi mmene mphepo imaizungulitsira. Kwa mwana wobadwira kunja, amene sanaperekezepo amayi ake kuchigayo, phunziroli ndi lalikulu. Maola awiri akwanira.

Zotsalazo zambiri ndi zaulere, ndipo kwa ine ndi zomwe zimakoma koposa. Ku Window on the Waterfront kuli minda ikuluikulu ya maluwa yosalipiritsa. Ku Centennial Park, pakati pa tauni, kuli mithunzi ndi mabenchi. M'pomwe mungamasule kamba wanu. M'mbali mwa misewu ya m'tauni anabzalamo maluwa mtunda wa mamailosi angapo. Pafupi ndi pakiyo pali Pillar Church, tchalitchi choyera cha mizati chomangidwa mu 1856. Amene munakulira mu CCAP ya Sinodi ya Nkhoma imanipo pang'ono. Omanga tchalitchichi ndi amishoni a Dutch Reformed amene anafika ku Mvera mu 1889 kuchokera ku South Africa onse muzu wawo ndi mpingo wa Reformed wa ku Netherlands.

Funsani nthawi ya magule ndi ya perete mukangofika, poti imasintha chaka ndi chaka. Achinyamata ambirimbiri amavina mumsewu atavala zovala za makolo awo ndi nsapato zosema kumtengo, zolira gogogo pa tala. Pali tsiku lina limene anthu amayamba atsuka msewu ndi ndowa ndi matsache perete asanadutse, ndipo palinso perete wa ana asukulu. Mukafuna malo abwino pa 8th Street, yalani chitenje m'mbali mwa msewu kudakali ola lathunthu.

Ana muwauze asanatsike galimoto kuti duwa silithyoledwa. Mzinda umalipiritsa chindapusa kwa wothyola, ndiponso tsinde lililonse limabala duwa limodzi lokha pachaka, ndiye lothyoledwalo lapita mpaka chaka chamawa. Akuluakulunso musalowe pakati pa mizere pofuna chithunzi. Khalani chonjuta m'mphepete, wojambula atsitse foni, maluwa adzaoneka ngati akuzungulirani. Lembani nambala ya foni yanu pakapepala n'kuika m'thumba la mwana aliyense, ndipo mugwirizane malo okumanirana wina akasochera.

Mwina mudzafuna kubzala anu. Ku Veldheer Tulip Gardens, kumpoto kwa tauni, amagulitsa mbewu yake, yomwe imaoneka ngati anyezi. Lembani mayina a mitundu imene yakusangalatsani, koma nthawi yobzala ndi Okutobala, nthaka isanaume ndi chisanu. Kumbani masentimita 15, nsonga iloze kumwamba. Musaisunge kukhitchini pafupi ndi anyezi weniweni, chifukwa siidyedwa ndipo imadwalitsa agalu ndi amphaka. Musavutikenso kuitumiza kumudzi: imafuna miyezi itatu ya kuzizira koopsa kuti imasule, ndipo mbewu siziwoloka malire popanda chilolezo cha a zaulimi.

Ikamakwana 4 koloko yambani kubwerera kugalimoto. Woyendetsa amene wayenda wapansi tsiku lonse amwe tiyi wotsala uja asanagwire chiwongolero, ndipo ngati mulipo awiri odziwa kuyendetsa, mudzasinthane pa Benton Harbor.