MTIMA WA MWANA UKAYAMBA KUGUNDA MOSOKONEZEKA

Amayi, mtima ndi mnofu umene umapopa magazi usana ndi usiku osapumula. Mtima wa khanda umagunda nthaŵi 100 mpaka 160 pa mphindi imodzi, ndipo mwana akamakula kugundako kumachepa. Mtima wabwino umagunda mwandondomeko. Koma nthaŵi zina umathamanga kwambiri mwana ali gone, kapena umachedwa, kapena umadumphadumpha. Chimodzi mwa zinthu zochititsa zimenezi ndi kutupa kwa mnofu wa mtima.

KODI KUTUPAKU KUMAYAMBA BWANJI?

Kaŵirikaŵiri kumadza pambuyo pa matenda ena amene timawayesa aang'ono.

1. Tizilombo ta chimfine ndi ta kutsekula m'mimba tingaloŵe m'magazi ndi kufika ku mtima. Mwana amaoneka ngati wachira, koma patapita masiku amayamba kufooka.

2. Difiteriya ndi matenda a pakhosi amene poizoni wake amawononga mnofu wa mtima. Mtima umayamba kuvuta patapita sabata imodzi kapena ziŵiri, pamene pakhosi payamba kale kupola.

3. Zilonda zapakhosi zosapatsidwa mankhwala zingadzetse nyamakazi imene imagwira mfundo ndi mtima womwe. Imavuta makamaka ana a zaka 5 mpaka 15. Choncho musaiŵale akulu ake a mwana amene mwamubereka kumbuyoyo.

Mnofu ukatupa, uthenga umene umayendetsa kugunda kwa mtima umasokonezeka, ndipo mtima umalephera kupopa magazi okwanira.

ZIZINDIKIRO ZOFUNIKA KUZIDZIŴA

Mwana akangodwala kumene malungo, chimfine kapena pakhosi, muyang'anitsitseni. Thamangirani naye kuchipatala mukaona izi:

- Akulephera kuyamwa, akutopa msanga, kapena akutuluka thukuta poyamwa.
- Akupuma mofulumira: kupuma 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 12, ndi 40 kapena kuposa kwa wa chaka chimodzi mpaka zaka 5.
- Manja ndi mapazi azizira, milomo yatuŵa.
- Nkhope, mimba kapena miyendo yatupa.
- Wakomoka, kapena wamkulupo akudandaula kuti pachifuwa pakuŵaŵa.

Ikani dzanja lanu pachifuwa cha mwana, kumanzere, iye ali phee. Ngati mtima ukuthamangabe thupi litazizira, kapena ukudumpha, auzeni adokotala zimenezo. Auzeninso matenda amene mwanayo anadwala masabata apitawo, pakuti zizindikirozi zimafanana ndi za chibayo ndi za kuchepa kwa magazi.

KUCHIPATALA ADZACHITA CHIYANI?

Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi. Kuno ku Phalombe, odwala kwambiri amatumizidwa ku chipatala cha boma ku Migowi kapena ku Holy Family. Ofunika kuunikidwa mtima ndi makina angatumizidwenso ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre. Ana ambiri amachira akalandira chithandizo msanga, koma kuchedwa kungathe kutayitsa moyo. Musataye nthaŵi ndi kutema mphini pachifuwa kapena kugula mankhwala pa golosale. Matendaŵa sadza ndi ufiti.

Mwana akatuluka m'chipatala ayenera kupumula. Asathamange, asaseŵere mpira, asasenze madzi kapena nkhuni mpaka adokotala atalola. Nthaŵi zambiri papita miyezi 3 mpaka 6.

KAPEŴEDWE KAKE

Katemera ndiye chishango chachikulu. Kuyambira mu 2002, ana m'Malaŵi amalandira katemera mmodzi woteteza ku matenda asanu, kuphatikizapo difiteriya, chifuwa chokoka mtima ndi kafumbata. Amaperekedwa katatu: pa masabata 6, 10 ndi 14. Mwana wolandira kamodzi kokha sanatetezedwe mokwanira.

Mwana akamva kuŵaŵa pakhosi ndi kutentha thupi, pitani naye akamuone. Akapatsidwa penisilini, amalize onse ngakhale aoneke kuti wachira. Amene anadwalapo nyamakazi ya mtima amabayidwa jekeseni wa penisilini mwezi uliwonse kwa zaka zambiri, ndipo asaphonye ngakhale mwezi umodzi.

Sambani m'manja ndi sopo, yamwitsani mwana, ndipo tsekulani mazenera kuti mpweya uziloŵa m'nyumba.

Lero, musanachoke pa sikelo pano, tsekulani buku la mwana wanu. Ngati pali katemera amene anatsala, auzeni alangizi a zaumoyo musanabwerere kumudzi.