Sabuwufa Yakale Isapite ku Sikirapu: Kuidziwa, Kuiyeza ndi Kuikonza

Kapepala aka ndi ka amisiri okonza mawailesi a ku Kafue, achinyamata amene akuphunzira ntchitoyi, ndi aliyense wa ku Kafue Estates, Shikoswe kapena Zambia Compound amene ali ndi sabuwufa imene inaleka kugunda. Tauni yathu ili ndi fakitale yosungunula zitsulo zakutha ya Universal Mining and Chemical Industries, choncho ogula sikirapu sasowa. Maginito a sipika ndi thiransifoma n'zolemera pasikelo, ndipo sabuwufa zambiri zimaphwasulidwa vuto lake lili kachipangizo kamodzi kotchipa. Musanaiphwasule, iyezeni.

Chimene chili m'bokosimo

Sabuwufa ndi sipika yotulutsa mawu apansi okhaokha, a ng'oma yaikulu ndi gitala ya besi, kuyambira pa 20 Hz mpaka cha m'ma 200 Hz. Zakale zimene zimapezeka m'nyumba zambiri ndi za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000, za Sony, Pioneer, Kenwood, JVC ndi Yamaha. Zilipo za mitundu iwiri. Ina ili ndi chingwe cha magetsi ndi ampulifaya yakeyake kumbuyo. Ina ilibe, imadalira ampulifaya ya wailesi.

Sipikayo ili ndi koni, imene nthawi zambiri imakhala ya pepala lolimba. M'mphepete mwa koni muli mkombero wa siponji kapena labala. Pansi pake pali kansalu kachikasu kamakwinya kogwira koyilo kuti isapendeke, ndipo koyiloyo, waya wa mkuwa wokulungidwa, imayenda mumpata wochepa kwambiri pakati pa maginito. Pakati pa koni pali kachipewa kotchinga fumbi.

Musanaike dzanja m'kati

Zulani pulagi pakhoma. Makapasita akuluakulu a m'ampulifaya amasunga magetsi ngakhale mwazimitsa, ndiye akhuthuleni kudzera m'rezisita ya 1,000 ohm ya mawati 5, kenako yezani ndi mita kuti mutsimikize. Osagundanitsa miyendo yake ndi sikuludiraiva. Werenganinso kalembo ka kumbuyo. Magetsi a m'Zambia ndi 230 V, 50 Hz, pomwe katundu wochokera ku America ndi wa 120 V ndipo wa ku Japan ndi wa 100 V. Wotereyu amafuna thiransifoma yotsitsa mphamvu, apo ayi apsa tsiku lomwelo.

Yambani ndi sipika

Masulani sipika m'bokosi, chotsani mawaya ake awiri, ikani mita pa ma ohm. Sipika yolembedwa 8 ohm imaonetsa pakati pa 5 ndi 7. Yolembedwa 4 ohm imaonetsa cha m'ma 3. Zimenezi si vuto, ndi mmene zimakhalira. Mita ikapanda kuonetsa kanthu, waya waduka penapake, koma musafulumire kunena kuti koyilo yapsa. Onani timawaya tiwiri tolukana tochokera pa materemino kupita pa koni. Timathothoka chifukwa chogwedezeka zaka zambiri, ndipo kutiwotcherera ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Kenako tengani batire la tochi la 1.5 V, gundani pa materemino. Koni ituluke kapena ilowe ndi kaphokoso koti "thu". Pomaliza, yalani zala mozungulira kachipewa n'kukankha koni pang'onopang'ono mofanana mbali zonse. Iyende mwakachetechete. Mukamva "khwee, khwee", koyilo ikukhula maginito. Nthawi zina chachititsa ndi siponji yotha, imene yasiya koni kupendekera mbali imodzi. Koma ngati pakumveka fungo la kupsa ndipo koni ikukanirira, koyilo yapita, ifunika yatsopano kapena kukulungidwanso ndi waya wa saizi yomweyo.

Siponji ndiye nthenda yaikulu

Siponji ya mkombero imawola ikatha zaka khumi kapena makumi awiri, ndipo kutentha ndi chinyontho cha m'mbali mwa mtsinje wa Kafue zimafulumizitsa. Mukaikhudza imanyenyeka ngati mkate wouma, kapena imamata chala. Sabuwufa yotere imalira "phwaa, phwaa" m'malo mogunda. Ambiri amamatapo selotepu, kapena kudula chubu cha njinga n'kumata ndi guluu wa nsapato. Imalira ndithu, koma chubu n'cholimba, koni siyenda mokwanira, ndipo besi yapansi ija imasowa. Ndi bwino kufunafuna mkombero weniweni kwa ogulitsa zipangizo za mawailesi ku Lusaka. Ndi ulendo wa makilomita osapitirira 50. Nyamulani sipikayo, kapena yezani kutambalala kwa koni ndi kwa felemu ya chitsulo ya sipikayo, chifukwa masipika awiri olembedwa mainchesi 10 sakhala ofanana nthawi zonse.

Palani siponji yakale pa felemu ndi mpeni mpaka chitsulo chioneke. Pa koni gwiritsani chala chokha ndi kansalu konyowetsa pang'ono ndi sipiriti, poti pepala silichedwa kung'ambika. Dulani kachipewa mosamala, musiye kambali kakang'ono kosadula kuti kadzabwerere pamalo pake. Mukatero muona mpata wozungulira pakati pa koyilo ndi chitsulo chapakati. Lowetsanimo timapepala tolimba titatu kapena tinayi, motalikirana mofanana. Pulasitiki yopyapyala, yonga ya chithunzi chakale cha ekisireyi, imagwira bwino ntchitoyi. Timapepalati timagwira koyilo pakati penipeni pamene guluu akuuma. Apa ndi pamene ntchito imakomera kapena kuonongekera, ndipo amisiri othamanga amadumpha pomwepa.

Matani mkombero pa koni poyamba, ndi guluu woyera amene amauma mofewa. Supa guluu ayi, amauma gwa. Ukagwira, matani mbali yakunja pa felemu, n'kupanikiza ndi mapegi oyanikira zovala kuzungulira konse. Isiyeni usiku wonse. M'mawa zulani timapepala tija, kankhaninso koni kuti mumve ngati ikukhula, kenako matani kachipewa. Pogwira ntchitoyi sesani patebulo. Ngati shopu yanu yayandikana ndi owotcherera mageti, phimbani sipika, chifukwa maginito amakoka tizitsulo tonse ta galainda, ndipo tikalowa mumpata muja kutichotsa kwake n'kovuta.

Ikamang'ung'udza kapena kukhala zii

Sabuwufa ikamalira "mmmm" osaleka, zulani chingwe chochokera ku wailesi. Phokoso likatha, vuto ndi chingwecho kapena kalumikizidwe ka magetsi. Likapitirira, kayikirani makapasita akuluakulu. Otupa pamwamba kapena otuluka madzi ouma m'munsi achotseni. Atsopano akhale a µF yofanana, voliteji yofanana kapena yoposerapo, ndipo ngati alipo, sankhani olembedwa 105°C. Samalani mwendo wa + ndi wa −, chifukwa kapasita yoikidwa chotembenuza imaphulika.

Yoti imalira n'kuleka, kapena imadzuka mukaimenya khofi, kawirikawiri ili ndi mtovu wosweka pa bolodi. Yang'anani ndi tochi pamiyendo ya zinthu zolemera, pa masoketi ndi pa kokwezera voliyumu, muona kamzere kozungulira mwendo. Wotchereraninso ndi mtovu watsopano.

Fyuzi ikapsa, ikani ya nambala yomweyo. Waya wa mkuwa kapena pepala lasiliva la m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi ndi zimene zimapsereza thiransifoma. Yatsopano ikapsanso, yezani madayodi ndi matiransisita otulutsa mawu. Poyatsa koyamba mukatha kukonza, dutsitsani magetsi m'babu lakale la waya la mawati 60 kapena 100. Likawala n'kuzilala, zili bwino. Likapitiriza kuwala kwambiri, mudakali shoti, zimitsani.

Chilala cha 2024 chinatsitsa madzi ku Kariba ndi ku Itezhi-Tezhi, magetsi n'kumazima maola ambiri patsiku ngakhale kuno kufupi ndi Kafue Gorge. Magetsi akamabwerera amatha kubwera ndi mphamvu yodumpha, choncho uzani mwini wake kuti azizula pulagi akazima. Mainiveta otchipa nawonso amaliritsa ndi kutenthetsa thiransifoma zakale.

Kuikweza

Ampulifaya ikafa moti zipangizo zake sizikupezeka, bokosi ndi sipika zikadali chuma. Pali timabolodi tatsopano ta Class D, monga tokhala ndi chipu ya TPA3116D2, timene timayenda pa 12 V mpaka 24 V ndipo sititentha kwambiri. Timatheka pa batire la sola, ngakhale kuti pa 12 V mphamvu yake imachepa. Gulani kabolodi kokhala ndi sefa yodula mawu apamwamba, muiike cha pa 80 Hz n'kumasintha pomvetsera. Mukamamva mawu a woimba m'sabuwufa, mwaikweza kwambiri. Manambala akuluakulu a PMPO olembedwa pakatoni musawawerengere, funsani mawati a RMS.

Chimene sitikulangizani ndi kuchotsa sipika yake n'kuikamo wufa ya m'galimoto chifukwa choti ili ndi maginito aakulu. Kukula kwa bokosi ndi kutalika kwa paipi yotulutsa mpweya zinawerengedwera sipika imeneyo, motsata masamu amene Neville Thiele wa ku Australia anafalitsa mu 1961, Richard Small n'kuwawonjezera m'ma 1970. Sipika yachilendo imangochita phokoso pa liwu limodzi, ndipo ikakhala ya ma ohm ochepa kuposa yakale, imatha kupsereza ampulifaya.

Bokosilo lisapume pena paliponse kupatula papaipi. Matani ming'alu ndi guluu wa matabwa, mangani masikuluu onse, bwezeranimo thonje limene munapeza m'kati. Thabwa la utuchi limafufuma likamwa madzi, ndiye likhale pa timiyendo ta labala, osati pasimenti yokolopa tsiku ndi tsiku. Ngati m'nyumbamo muli makoswe, tchingani paipi m'kati ndi sefa ya waya ya mabowo aakulu. Makapasita ndi mabolodi amene mwachotsa musawatenthe pamoto kapena kuwataya m'ngalande yopita kumtsinje, muli mtovu. Asungeni m'katoni pouma, mufunse ku khonsolo kapena ku ZEMA kumene angakatayidwe.