Phunziro 14: Injini Ina M'galimoto Yakale

Injini ya dizilo, imene Rudolf Diesel anaiyendetsa bwino ku Germany m'caka ca 1897, imayatsa mafuta ndi mpweya wopanikizidwa kufikira utatentha. Mphete za pisitoni zikatha, mpweyawo umapulumuka, ndipo galimoto imalephera zitunda.

Injini ikafa, mwini wace angathe kuikamo ina. Koma asanagule, makaniko ayambe wayesa zinthu zitatu. Kodi idzakhala bwino pa zitsulo zoicirikiza? Kodi idzalumikizana ndi giyabokosi? Kodi rediyeta idzatha kuiziziritsa? Injini yamphamvu kopambana imathyola magiya, ndipo ndalama za cimanga ca caka conse zimatayika. Potsiriza, nambala ya injini yatsopanoyo ikalembetsedwe ku boma.

Mafunso
1. Kodi cimayatsa dizilo n'ciani?
2. Chulani zinthu zitatu zoyenera kuyesa.