Za Kugulira Ana Zida za Mpira

Makolo ndi aphunzitsi atifunsa kawirikawiri kuti, Pogulira ana zida za mpira tiyambe ndi chiti? Pakuti ndalama nzochepa, ndipo ana afuna zonse. Ife tiyankha kuti, Yesani kanthu kalikonse ndi msinkhu wa mwanayo, osati ndi maso a anthu oonerera.

Choyamba ndicho mpira. Mipira ili ndi manambala. Wa nambala 5 ndiwo wa akulu, ndipo kulemera kwake ndi magalamu 410 kufikira 450. Umenewu uyenera anyamata a zaka 13 ndi kuposerapo. Ana a zaka 8 kufikira 12 apatsidwe wa nambala 4, ndi ochepera pamenepo wa nambala 3. Mwana akapatsidwa mpira womulemera amangougunda ndi chala chachikulu cha kuphazi, nazolowera kamenyedwe koipa kamene sadzakaleka msanga. Musaiwale pampu ndi singano yake. Taonapo mpira watsopano utagona mwezi wathunthu m'nyumba ya mphunzitsi chifukwa chosowa chopopera, ana nabwerera ku chikulunga chawo.

Chachiwiri ndicho zotchingira misongolo. Anayamba kuzivala ndi Sam Widdowson wa Nottingham Forest ku England m'chaka cha 1874, ndipo kuyambira 1990 malamulo a mpira alamula kuti wosewera aliyense azivale, zitakwiriridwa ndi masokosi. Msongolo ulibe mnofu wouteteza. Ndipo ngati ana ena avala nsapato, ena ali chabe, ngozi ikula koposa.

Tsono pa nsapato ndipo pamene ambirife tilakwa. Timati, Mwana akukula, tigule zazikulu kuti azivale zaka zitatu. Koma phazi likamayendayenda m'nsapato limatuluka matuza, zala zimagunda kutsogolo, ndipo mwana apunthwa pothamanga. Pitani naye kumsika, ngakhale pa kaunjika. Azivale ndi masokosi amene adzasewera nawo, aimirire, ndipo malo otsala kutsogolo kwa zala asapose kunenepa kwa chala chimodzi cha kumanja. Penyaninso kunsi kwake. Zisonga zazitali anazipangira mabwalo a udzu wofewa ndi matope. Pabwalo louma gwa, monga mabwalo athu m'mwezi wa Okutobala, sizilowa m'nthaka, ndipo mwana amapotokola phazi. Pamenepo nsapato za zisonga zazifupi zambiri ndizo zabwino, ngakhalenso za nsalu wamba.

Malaya akhale otsiriza, ngakhale ana awalirira poyamba. Malamulo angofuna kuti magulu awiri asiyane mtundu, ndi kuti wa pagolo avale zosiyana ndi onse. Malaya khumi a mtundu umodzi akwanira, angakhale alibe dzina la katswiri kumsana. Asanalowe m'bwalo, mphunzitsi awavule mphete, mikanda ndi zibangili, pakuti izinso nzoletsedwa.