Kodi Klorini Amachotsa Zonse M'madzi a Pachitsime?

Funso: Ndimakhala ku Kanyama, ndipo pampopi pakauma timatunga pachitsime cha kuseri kwa nyumba. Chiyambire kolera wa 2018 sindiphonya kuthira klorini. Tsono mnzanga akuti m'madzimo muli mankhwala a kuchipatala. Zoona zimenezi?
Mayi wa ana atatu

Yankho: Mayi, mnzanuyo sakunama. Pansi pa Kanyama, George ndi Chawama pali thanthwe la laimu lodzaza ming'alu, ndipo madzi ali pafupi kwambiri. Zotuluka m'chimbudzi cha dzenje zimatsika msanga, dothi lisanazisefe. Mapiritsi amene timamwa satheratu m'thupi. Gawo lina limatuluka ndi mkodzo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2020 anapeza zotsalira za maantibayotiki ndi ma ARV m'madzi a ku Chunga, kufupi ndi Matero. M'zitsime zinali zochepa zedi, choncho wina asasiye mankhwala ake chifukwa cha nkhaniyi. Nkhawa ya akatswiri ndi yakuti tizilombo tikazolowera maantibayotiki timayamba kupima mankhwala.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine ndi nayitireti, yochokeranso m'zimbudzi. Bungwe la WHO limati isapitirire mamiligalamu 50 pa lita. Ikachuluka, magazi a khanda amalephera kunyamula mpweya bwino. Klorini amapha tizilombo koma nayitireti saichotsa, ndipo kuwiritsa kumangoichulukitsa poti madzi ena amauluka ngati nthunzi.

Klorini musamusiye. Koma madzi akumwa, makamaka a mwana wosakwana miyezi 6, katungeni pa kiyosiki, a pachitsime akhale ochapira. Mapiritsi otha ntchito abwezeni kuchipatala, musawataye m'chimbudzi.